Mafunso ndi Mayankho: Munthu Amene Samva Timutchule Bwanji?

Makalata a mwezi uno akuzungulira nkhani imodzi: mayina amene timapatsa anthu amene makutu awo samva bwino kapena samva n'komwe, ndi momwe eni ake amawalandirira mayinawo. Oyankha ndi gulu lathu la za makutu kuno ku Lilongwe, momwe muli mphunzitsi wa ana osamva, womasulira chilankhulo cha manja komanso woyeza makutu.

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka zinayi. Anadwala malungo aakulu ali ndi zaka ziwiri. Atachira anasiya kutembenuka tikamuitana, ndipo timawu timene ankatchula tinatha pang'onopang'ono. Ana a pamalo pathu amamuti "bubu", aneba ena amati "kagonthi kaja", apongozi anga akuti tizingonena kuti "ndi wodwala". Ine ndikati "mwana wanga ndi wosamva", anthu amayesa ndikudandaula za mwano. Ndizimutchula bwanji? — Mayi wa ku Area 25

Pepani mayi ndi zimene mukukumana nazo. Mayinawa kulemera kwake n'kosiyana, ndiye tiwatenge limodzilimodzi.

"Bubu" likanizeni lero lomwe, ndipo musaope kukawauza makolo a anawo. Pa mayina onse, ili ndi limene anthu osamva amadana nalo kwambiri, pamodzi ndi la Chingerezi lija loti "deaf and dumb" limene mpaka pano limapezekabe m'makalata ena. Choyamba, ndi bodza. Pakhosi pa mwana wanu, lilime ndi milomo zili bwinobwino, n'chifukwa chake amalira, amaseka ndiponso amakuwa. Mwana amaphunzira kulankhula pomva ena komanso podzimva yekha, n'kumakonza katchulidwe kake. Makutu atasiya kugwira ntchito, mawu amene anali atangoyamba kuwagwira anasowa chowalimbitsa, ndiye anafufutika. Chachiwiri, anthu akati "bubu" satanthauza kusatulutsa mawu kokha. Amatanthauzanso munthu wopanda maganizo, woti mutha kumukambirana iye ali pompo. Pomwe munthu wolankhula ndi manja amakamba nkhani, amatsutsa, amanenerera mtengo pamsika, amafunsira mbeta ngati wina aliyense. Kumutcha wosalankhula n'kumuuza kuti zonse zimene wanena ndi manja ake sizinali mawu.

"Gonthi" ndi liwu lakale la Chichewa, ndipo silinayambe ngati chitukwano. Chinaliipitsa ndi kagwiritsidwe kake. Limachotsapo "munthu" n'kusiya khutu lokha, ndipo anthu akalivekanso "ka-" kapena "chi-" kutsogolo, chipongwe chimakhala chosabisa. Dziwaninso kuti mwana wanu liwulo salimva, koma amaliona. Amaona mlomo wolozedwa kwa iye, nkhope zokwinya, anthu akuseka n'kumamuyang'ana. Ana osamva amawerenga nkhope kuposa ife tonse, ndipo amazindikira msanga kuti pali dzina limene amatchulidwa akatembenuka. Alipo akuluakulu osamva amene amadzitchula okha kuti "ndife ogontha" mopanda manyazi, ndipo umenewo ndi ufulu wawo. Mneba alibe ufulu wotere pa mwana wanu.

Apongozi anu akunena mwachikondi, komabe "wodwala" ndi limene lingamuwonongere zambiri mwanayu. Matenda anatha zaka ziwiri zapitazo. Banja likamamuona ngati wodwala limangodikira tsiku lochira: lero kwa asing'anga, mawa kumapemphero, mkuja kuthira mafuta kapena madzi a zitsamba m'khutu, zomwe zingabweretse mafinya ndi kuwononga mwinikhutu. Nthawi yonseyo mwana akukula wopanda chilankhulo chilichonse, pomwe zaka zisanu zoyambirira ndi zimene ubongo umagwira chilankhulo mosavuta. Mwana wofika zaka zisanu ndi ziwiri wopanda mawu a pakamwa kapena a manja amavutika kusukulu kwa nthawi yaitali, ndipo anthu amati ndi wopanda nzeru, chonsecho anangomanidwa chilankhulo.

Za "wosamva" mwakhudza pamene pali vuto lenileni la Chichewa chathu. "Kumva" timanena za makutu, za kuzindikira, za kumvera akulu, ngakhale za ululu ndi fungo. Ndiye "mwana wosamva" kwa ambiri ndi nkhutukumve, uja wa mwambi woti chosamva anachiphikira m'masamba. Pokamba za gulu, "anthu osamva" ndi mawu amene afala pawailesi ndi m'misonkhano, ndipo ambiri mwa eni ake amawalandira. Koma pokamba za mwana mmodzi, onjezani pang'ono kuti pasakhale chisokonezo: "makutu ake samva, timalankhula naye ndi manja." Chiganizochi chikunena zoona komanso chikumuuza womverayo chochita. Kupatula apo, muitaneni ndi dzina limene munamupatsa, ndipo aneba aziterenso.

Mwezi uno usathe musanakamuyezetse makutu. Ku ABC Hearing Clinic ku Area 47 amayeza ana, ndipo ku Kamuzu Central Hospital kuli mbali yoona za makutu, mphuno ndi pakhosi. Mwina pali kumva kotsalira kumene makina othandizira kumva angakukweze. Koma musadikire zotsatira kuti muyambe manja. Bungwe la anthu osamva la MANAD linatulutsa buku lotanthauzira chilankhulo cha manja cha ku Malawi mu 2021, ndipo angakulozereni akuluakulu osamva okhala pafupi nanu, amene ndi aphunzitsi abwino kuposa buku. Yambani ndi zizindikiro zisanu pa sabata: madzi, nsima, kusamba, kupweteka, amayi. Nyumba yonse iphunzire, abambo ake ndi azibale ake omwe, chifukwa mwana amene amatha kucheza ndi mayi ake okha amakhala mlendo pakhomo pake. Za sukulu yambani kufunsa panopa ku ofesi ya zamaphunziro: pali sukulu za ana osamva monga Mua ku Dedza, Maryview ku Chiradzulu, Mountain View ku Thyolo ndi Embangweni ku Mzimba, komanso sukulu zina zapulayimale zili ndi aphunzitsi apadera.

FUNSO: Ndine namwino pachipatala china chaching'ono mumzinda muno. Mayi wina anakwiya nditalemba "deaf" m'buku lake la kuchipatala, akuti iye amamva pang'ono. Mnyamata wina wolankhula ndi manja anafufuta yekha pamene mnzanga analemba "hearing impaired". Kusiyana kwake n'kotani, ndipo ndizilemba chiyani? — Namwino, Lilongwe

Anamwino, odwala anu awiriwo onse anali ndi mfundo.

Tiyambe ndi muyeso. Woyeza makutu amafufuza phokoso lotsikitsitsa limene munthu angalimve, ndipo amaliwerengera mu ma decibel, mwachidule dB. Nambala ikamakwera ndiye kuti kumva kukuchepa. Malinga ndi magawo amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2021, poyang'ana khutu lomwe likumva bwinoko: kuchepera 20 dB ndi kumva kwabwinobwino, 20 mpaka 34 ndi vuto laling'ono, munthu amangovutika paphokoso, 35 mpaka 49 amayamba kuphonya macheza wamba, 50 mpaka 64 amamva mukakweza mawu, 65 mpaka 79 macheza ambiri samawamva, 80 mpaka 94 ngakhale mawu okweza amamuvuta kwambiri, 95 kupita m'tsogolo samva mawu a munthu n'komwe. Kawirikawiri "hard of hearing", kapena kuti womva movutikira, ndi wa m'magawo oyambirira kufika cha pa 79, ndipo amadalira kulankhula ndi pakamwa. "Deaf" amakhala wa kumapetoko, ndipo ambiri amalankhula ndi manja.

Koma nambala siuza munthu dzina lake. Anthu awiri a 70 dB akhoza kukhala osiyana kotheratu: wina anabadwa choncho, anakulira kusukulu ya ana osamva ndipo moyo wake wonse uli m'manja, wina zamugwera ali ndi zaka 50 ndipo sadziwa chizindikiro ngakhale chimodzi. Mayi uja anaopa kuti mukalemba "deaf" anthu asiya kulankhula naye n'kumamugwedezera manja amene iye sawadziwa. Mnyamatayo anakana "impaired" chifukwa liwulo limanena za chinthu chowonongeka, pomwe iye sadziona ngati womva amene anawonongeka, koma munthu wa chilankhulo china. N'chifukwa chake mu 1991 mabungwe awiri apadziko lonse, World Federation of the Deaf ndi la anthu omva movutikira, anagwirizana kuti mawu oyenera akhale "deaf" ndi "hard of hearing", osati kuwaunjika onse pansi pa "hearing impaired". M'sukulu zathu chidule cha mawu amenewa, choti HI, chikadalipo pamafomu, koma sichoitanira munthu.

M'bukumo lembani zinthu zitatu, mutamufunsa mwini wake: amamva motani ndipo khutu liti, zinayamba ali ndi zaka zingati, amafuna muzilankhulana naye bwanji. Mwachitsanzo: "Khutu lamanzere silimva, lamanja pang'ono, kuyambira ali mwana, muyang'aneni polankhula, mulembereni mlingo wa mankhwala." Mzere umenewu umamuthandiza mnzanu wa usiku kuposa liwu limodzi.

Dzina likalakwika, chithandizo chimalakwikanso. Wolembedwa "amamva pang'ono" pomwe samva konse amaitanidwa dzina pamzere, sayankha, n'kubwerera kunyumba madzulo osaonedwa. Ena amakuwiridwa zotsatira za magazi anthu onse pabenchi akumva. Wolembedwa "deaf and dumb" safunsidwa kanthu. Onse amalankhula ndi womuperekeza, ngakhale pa nkhani za kulera kapena za nkhanza zimene mwina akumuchitira ndi womuperekezayo. Musadalirenso kuwerenga milomo. Imani pagalasi munene "bala", "pala", "phala", "mbala" osatulutsa mawu: milomo ikuchita chimodzimodzi. Choncho chotsani chophimba kukamwa ngati n'kotheka, kuwala kukhale pankhope panu osati kumbuyo kwanu, ndipo mufunseni ngati amawerenga bwino Chichewa kapena Chingerezi musanalembe. Kugwedeza mutu si umboni woti wamvetsa, chifukwa ambiri amagwedeza potopa ndi kufunsa kawirikawiri. Mupatseni mapilitsiwo m'manja akuonetseni kuti amwa angati, kangati.

FUNSO: Ndine telala, zaka 29. Zaka zingapo zapitazo ndinalandira jakisoni wa chifuwa chachikulu kwa miyezi, ndipo kuchokera pamenepo ndimamva movutikira kwambiri, m'makutu mumangolira. Ndimalankhula bwinobwino, ndiye makasitomala ndi abale amati ndimamva ndikafuna. Nditapita kumene anthu osamva amakumana, ena anandionetsa kuti ine si mnzawo weniweni poti ndimalankhula. Kodi ine ndine ndani? — Mnyamata wa ku Biwi

Achimwene, simukunamizira. Mankhwala ena obaya, monga streptomycin, kanamycin ndi amikacin, amatha kuwononga timaubweya ting'onoting'ono ta m'kati mwenimweni mwa khutu, ndipo tikafa sitimeranso. Timene timayamba kufa ndi tomvera mawu opyapyala, monga s, f ndi ts. Mawu a a, e, i, o, u amakhala akumvekabe. N'chifukwa chake "fisi" ndi "tsitsi" kwa inu zingamveke ngati liwu limodzi, ndipo mumamva kuti munthu akulankhula koma osagwira chimene akunena. M'chipinda chabata, munthu mmodzi akukuyang'anani pa nkhani imene mukuidziwa, ubongo umakwaniritsa mipatayo ndipo mumayankha bwino. Mu minibasi, pamaliro kapena makina osokera akulira, zimakanika. Abale akuona kusinthasintha kumeneku n'kumati mumasankha. Awerengereni ndime ino. Auzeninso kuti kukuwa sikuthandiza: kumakweza mawu amene mumawamva kale, kumapotoza milomo, ndipo khutu lowonongeka chotere limamva kuwawa ndi phokoso lalikulu.

Za anzanu olankhula ndi manja, sitikuikira kumbuyo kusala, koma mbiri yake muidziwe. Mu 1880, msonkhano wa aphunzitsi a ana osamva ku Milan, m'dziko la Italy, unagamula kuti ana aziphunzitsidwa ndi pakamwa pokha, manja ayi. Kwa zaka zambirimbiri m'mayiko ochuluka ana ankalangidwa akagwidwa akulankhula ndi manja, ndipo amene ankatha kutchula mawu ankayesedwa anzeru kuposa anzawo. Msonkhano wina wa mtundu womwewo unadzakana chigamulocho poyera mu 2010 ku Vancouver, m'dziko la Canada. Chifukwa cha mbiri yotere, anthu amene anakulira m'chilankhulo cha manja amaliteteza dzina lawo. M'Chingerezi, kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ena amalemba "Deaf" ndi chilembo chachikulu kutanthauza anthu a chilankhulo ndi chikhalidwe chimodzi, osati muyeso wa khutu. Munthu wolankhula bwino akafika pakati pawo, ena amaopa kuti omva ayamba kumvera iyeyo n'kumuika kukhala wowalankhulira onse.

Chimene chimatsegula khomo ndi chilankhulo, osati pepala la kuchipatala. Pitanibe. Mukakhala pakati pawo tsekani pakamwa, yesani ndi manja ngakhale mukulakwitsa, lolani akukonzeni. Wina womva akabwera, musathamangire kuwayankhira. Ambiri amene anasiya kumva atakula amalandiridwa bwino akaonetsa kuti abwera kudzaphunzira.

Ndipo simukukakamizidwa kusankha dzina limodzi la moyo wonse. Ena a ngati inu amati "ndimamva movutikira", ena "ndinasiya kumva nditakula", ena amangoti "sindimva" poti n'lachidule ndipo limaletsa anthu kumangowalankhulira kumbuyo. Kuntchito, chiganizo chonena chochita chimaposa dzina. Lembani pakhoma la shopu: "Ndimamva movutikira. Ndiyang'aneni polankhula. Miyeso ndi mtengo tilemberana." Khalani ndi kope la maoda kuti tsiku lotenga chovala ndi ndalama zisamakhale za pakamwa, ndipo makasitomala azikulemberani uthenga pa WhatsApp m'malo moimba kapena kutumiza mawu ojambula. Kayezetseninso: makina othandizira kumva amakono amatha kuchunidwa kuti akweze mawu opyapyala okhawo, ndipo kwa ena amachepetsako kulira kwa m'makutu.

FUNSO: Ndine mlembi wa mpingo. Tayamba kukhala ndi womasulira wa manja Lamlungu. Polengeza ndimati "tilandire abale athu ovutika, a ulumali wosamva ndi kusalankhula." Womasulirayo wandiuza kuti eni ake sakukondwa nazo. Ndimayesa ndi mawu aulemu. Kodi kusamva si ulumali? — Mlembi wa mpingo, Chilinde

Alembi, mwachita bwino kuyambitsa zomasulira, ndipo mwachitanso bwino kufunsa. M'chilengezo chanucho muli zinthu zitatu zokonza.

"Kusalankhula" chotsani, pa zifukwa zimene tauza mayi a ku Area 25. Ngakhale kalembera wa 2018 anaziwerenga padera: mwa anthu aulumali oposa 1.5 miliyoni a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi 24 pa 100 alionse anali ndi vuto la kumva, pomwe a vuto la kulankhula anali pafupifupi 9 pa 100. Si gulu limodzi.

"Ovutika" chotsaninso. Pakati pa anthu amenewo pali akalipentala, aphunzitsi, amayi a mabizinesi, makolo olera ana. Abwera kudzapembedza, osati kudzamveredwa chisoni. Chifundo chotere chimamutsitsa munthu kuchoka pa mkhristu mnzanu kufika pa wolandira thandizo, ndipo mapeto ake palibe amene amaganiza zomusankha kukhala dikoni kapena msungichuma. Pa chifukwa chomwechi, musamawaitanire kutsogolo kuti apemphereredwe makutu iwo asanapemphe okha. Ambiri amasiya tchalitchi chifukwa cha zimenezi, poona kuti mpingo ukuwatenga ngati ntchito yosamalizidwa.

Funso lanu la ulumali ndi limene eni ake amasiyana maganizo. Ambiri amene anabadwa osamva n'kukulira m'manja amati vuto silili m'khutu, lili pamene palibe womasulira: akakhala okhaokha palibe chimene chimawasowa. Amene anasiya kumva atakula nthawi zambiri amati anataya kanthu ndithu, ndipo liwu loti ulumali limanena zoona za iwo. Mbali ya malamulo, kusamva kumawerengedwa m'gulu la ulumali, ndipo pamenepo ndi pamene pachokera ufulu wofuna womasulira kukhoti, kuchipatala ndi kusukulu. N'chifukwa chake bungwe la MANAD lili nawo mu FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene Malawi anavomereza mu 2009, limagwira mbali zonse ziwiri: limawateteza ngati aulumali, komanso limanena poyera kuti chilankhulo cha manja ndi chilankhulo. Mayina a boma nawonso amasintha: lamulo la 2024 linasintha dzina la bungwe la boma loona za anthu aulumali kuchoka pa MACOHA, limene linali ndi liwu loti "handicapped", kukhala MACODA. Ife tikuona kuti liwu loti ulumali ndi la pofuna ufulu ndi polemba ndondomeko, osati lolandirira anthu pakhomo la tchalitchi.

Ndiye muzilengeza chiyani? Lengezani za ntchitoyo, osati za anthuwo: "Mapemphero a lero akumasuliridwa m'chilankhulo cha manja; ofuna kuona womasulira akhale mabenchi a kutsogolo kumanzere." Ngati mukufuna dzina la gulu lawo mumpingo, akhale pansi asankhe okha. Womasulira aime pafupi ndi guwa kuti maso asamadumphe uku ndi uku, pamalo owala, kumbuyo kwake kusakhale zenera. Mupatseni mavesi ndi nyimbo Loweruka. Ntchitoyi imatopetsa mutu ndi mapewa, ndipo pakatha mphindi 20 kapena 30 zolakwika zimayamba kuchuluka, choncho pamapemphero a maola awiri pamafunika omasulira awiri osinthana. Pa 23 September dziko lonse lapansi limakumbukira zilankhulo za manja. Lamlungu loyandikira tsikulo mungawapatse mpata atsogolere okha pemphero kapena nyimbo.

FUNSO: Bambo anga agwira ntchito pachigayo zaka zambiri ndipo tsopano samva bwino. Tinawapezera makina a m'khutu koma amawabisa m'thumba, akuti anthu aziwati gonthi. Tiwathandize bwanji? — Mwana wawo, Likuni

Mantha a bambo anu ndi ofala pakati pa achikulire, ndipo si kuuma mutu. Munthu amene wakhala akuweruza nkhani za pabanja amaopa kuti dzinalo limuchotsera ulemu. Musalimbane nawo kuti avomere dzina lililonse. Kambani za zimene akuphonya: mawu a adzukulu, ulaliki, zokambirana za pamaliro. Mwaulemu, mmodzi amene amamukhulupirira awauze kuti anthu amaona kale akamayankha zosiyana ndi funso, ndipo ena amayamba kunong'ona kuti akalamba mutu, zomwe n'zopweteka kuposa kuoneka ndi makina.

Fufuzaninso ngati makinawo sakuwasautsa, chifukwa nthawi zina manyazi amangokhala chophimba. Ngati munagula osayezetsa, akhoza kumangokweza phokoso lonse. Akamalira ngati likhweru, ndiye kuti kapulasitiki kolowa m'khutu sikakukhala bwino, kapena khutu latsekeka ndi litsiro louma, lomwe akachotse kuchipatala, osati ndi kamtengo ka machesi. Akazima mwadzidzidzi, yang'anani batire ndi kachubu ngati mwalowa chinyezi, makamaka nyengo ya mvula. Mabatire ake ali ndi manambala ndi mitundu: 13 ndi olanje, 675 ndi abuluu, 312 ndi abulawuni, 10 ndi achikasu. Mukamatula kapepala dikirani mphindi imodzi musanaike, ndipo usiku tsegulani kachitseko ka batire n'kusunga makinawo pouma, kutali ndi ana poti batire ikamezedwa ndi yoopsa. Ayambe kuvala kunyumba ola limodzi kapena awiri patsiku, n'kumaonjezera. Ubongo umatenga masabata angapo kuzolowera kumvanso mbale zikugundana ndi nkhuku zikulira. Pachigayo asavale makinawo. Apo pamafunika zotsekera makutu, chifukwa phokoso lopitirira 85 dB tsiku lonse la ntchito limapitiriza kuwononga kumva kumene kwatsala.

FUNSO: Kuntchito kwathu ku Kanengo kuli anyamata awiri osamva. Ndazindikira kuti akamanena za ine amaloza pachipumi pamene ndili ndi chipsera. Kodi akundinyoza? Ife timauzidwa kuti tisawatchule ndi chilema chawo, nanga iwo bwanji? — Bambo wa ku Mchesi

Ayi bambo, amenewo akupatsani dzina la m'manja. Kutchula dzina lalitali chilembo ndi chilembo pa zala nthawi iliyonse n'kochedwetsa, ndiye pakati pa anthu osamva aliyense amakhala ndi chizindikiro chake chachifupi. Chimatengedwa pa chimene maso amayamba kuona: chipsera, mpata wa mano, magalasi, kametedwe, kayendedwe, nthawi zina pamodzi ndi chilembo choyamba cha dzina. Iwonso ali ndi awo otero, ndipo ena anawalandira ali ana kusukulu n'kukhala nawo mpaka ukulu ngakhale tsitsi limene linabweretsa dzinalo linatha kalekale. Mwambo wake ngwakuti munthu womva sadzipatsa yekha. Amapatsidwa ndi osamva akamuona kuti ndi wa pakati pawo.

Kusiyana kwake ndi "gonthi" n'koti dzina lanulo ndi la inu nokha, limakusiyanitsani ndi ena onse pakampanipo, pomwe lija limawaunjika anyamata awiriwo kukhala chinthu chimodzi. Komabe ngati chipseracho chili ndi mbiri yowawa, muli ndi ufulu wokana. Auzeni kapena alembereni, ndipo kawirikawiri amasintha popanda vuto. Mukatero afunseni mayina awo a m'manja muwaphunzire. Pofuna kuwaitana ali chakumbali, gwedezani dzanja pamene maso awo angaone kapena akhudzeni paphewa pang'ono. Ngati ali patali m'chipinda, thimitsani ndi kuyatsa getsi kamodzi. Musawagende ndi kanthu, musawakoke malaya, ndipo akakhala pamakina muziyamba mwaima pamene akukuonani.